Amuuza mwana wanga kuti Ponte yake ya LEGO ndi "illegal": walakwa chiyani?

Mayi wina wa ku Rosettenville walemba kuti: "Ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg. Ana a madamu atakula, anandipatsa zidebe ziwiri za LEGO, tinjerwa tapulasitiki tomangira zidole tija, zoti ndikapatse mnyamata wanga wa zaka 11. Iye wakhala akumanga Ponte, nyumba yozungulira ija ya ku Berea, potsanzira vidiyo ya pa YouTube momwe amapinda khoma la tinjerwa ta timitu tiwiri mpaka nsonga zake zikumane. Mzere uliwonse uli ndi tinjerwa 60. Loweruka anapita nayo ku kalabu ya kusukulu, ndipo bambo wina wothandiza kumeneko anamuuza kuti kamangidwe kameneko ndi illegal, kosaloledwa ndi lamulo. Mwana wabwera ali ndwii, inenso mtima sunakhale m'malo. Walakwira lamulo lanji? Aphwasule?"

Mayi, mtima pansi. Mwana wanu sanaphwanye lamulo la dziko lililonse, ndipo palibe amene adzagogode pakhomo panu chifukwa cha nkhaniyi. Kudzidzimuka kwanu ndikukumvetsa. Kwa ife Amalawi a ku Joni kuno liwu limeneli silimveka ngati liwu wamba. Tikangolimva, dzanja limapita lokha m'thumba momwe muli pasipoti. Bambo aja akanadziwa zimenezi bwenzi atasankha mawu ena. Komabe sananame, ndipo ine sindikuuzani kuti nkhaniyi ndi yachabe, chifukwa alipo amene akulipira mtengo wa Ponte imeneyi: tinjerwa tomwe munapatsidwato.

Ine ndimayang'anira makina oumba zinthu za pulasitiki pa fakitale ina ku Germiston, ndipo Loweruka ndimakhala ndi kagulu ka ana omanga LEGO. Ubwana wanga unathera pa magalimoto amawaya ku Ndirande. LEGO ndinaigwira koyamba ndevu zitamera kale. Choncho ndiyankha ngati munthu wa pulasitiki kuposa ngati munthu wa zidole.

Liwuli linafala kuchokera kwa Jamie Berard, mmodzi mwa okonza maseti ku kampani ya LEGO. Mu 2006, pa msonkhano wa okonda LEGO wotchedwa BrickFest ku America, anaonetsa zithunzi za malumikizidwe amene iwo ogwira ntchito ku Billund, ku Denmark, amaloledwa kuika mu seti yogulitsa, ndi amene saloledwa. Ololedwawo anawatcha legal, enawo illegal. Zithunzizo zinafika pa intaneti, ndipo kuyambira pamenepo okonda LEGO akhala akulozerana zala ndi liwuli, kawirikawiri moseka. Mfundo yoti muigwire ndi iyi: lamuloli kampani inadziikira yokha, ndi la antchito ake. Zili ngati madamu atanena kuti mpeni wa buledi usadulire nyama. Ndi lamulo la m'khitchini mwawo, lili ndi chifukwa chake chomveka, koma silikwera nanu takisi kupita ku Rosettenville.

Zifukwa zake ndi za anthu amalonda. Seti imodzi imalowa m'nyumba zambirimbiri m'maiko osiyanasiyana. Ngati muli malo amodzi okha pomwe kachidutswa kamapanikizika mopyola, kampani idzalandira madandaulo kuchokera kumbali zonse. Amafunanso kuti mwana wamng'ono athe kuphwasula yekha zomwe wamanga osafuna mano kapena mpeni, komanso kuti kanjerwa kakatuluka m'chomangidwa china kakagwirenso bwino ntchito m'china. Ndiye chilichonse chosiya kachidutswa kali kopindika, kotambasuka kapena kofinyika, kwa iwo n'choletsedwa.

Kuti muone pomwe Ponte ya mwana wanu yapyolera, tiyambire pa chikombole. Kwathu tikaumba njerwa, ina imatuluka yonenepa, ina yokhota pang'ono, ina yabenthuka pootcha, ndipo mmisiri sadandaula chifukwa matope kapena simenti zimabisa zonsezo. LEGO ilibe matope. Chogwiriziza kanjerwa pa kanzake ndi kuthinana basi. Timitu tozungulira tapamwamba tija, tomwe pa Chingerezi amati stud, timalowa kunsi kwa kanjerwa kena n'kupanikizika pakati pa khoma lake ndi timachubu tam'kati. Timachubu timeneti ndito chinsinsi chomwe kampaniyi inalembetsa pa 28 Januwale 1958, ndipo kanjerwa ka nthawi imeneyo kamagwirabe pa kanjerwa kogula lero.

Kuchoka pakati pa kamutu kamodzi kufika pakati pa kotsatira pali mamilimita 8. Kamutu kenikeniko n'kotambalala mamilimita 4.8. Msinkhu wa kanjerwa, osawerengera kamutu, ndi mamilimita 9.6, ndipo puleti, kanjerwa kopyapyala kaja, ndi mamilimita 3.2, kotero mapuleti atatu osanjikiza amafanana ndi kanjerwa kamodzi. Tsono nayi nambala yomwe ikukhudza mwana wanu. Kanjerwa ka timitu tiwiri sikakwana mamilimita 16 monga momwe masamu angatiuzire, ndi 15.8. Anakameta dala mamilimita 0.1 mbali iliyonse kuti tinjerwa toyandikana tisakhulane. Choncho pakati pa tinjerwa tiwiri tondondozana pamatsala kampata ka mamilimita 0.2, ngati mapepala awiri a m'kope.

Opinda makoma a pa YouTube aja amadyera pa kampata kameneka. M'khoma la tinjerwa ta timitu tiwiri, kanjerwa kalikonse kamagwira kamutu kamodzi ka kanzake kakumanzere ndi kamodzi ka kakumanja pa mzere wa pansi pake, ndiye kamatha kutembenuka pang'ono ngati chitseko. Ndawerengera papepala ndi miyeso ili pamwambayi: kanjerwa kangakhote madigiri pafupifupi 3 kusiyana ndi koyandikana nako ngodya zam'kati zisanagundane. Bwalo lathunthu ndi madigiri 360. Ndiye kuti pafunika tinjerwa pafupifupi 120 pa mzere uliwonse kuti khoma lizungulire lokha mosakakamiza, ndipo bwalolo limatambalala kuposa masentimita 60, kudzaza tebulo lanu lodyera. La mwana wanu lili ndi 60, lotambalala masentimita ngati 30. Kanjerwa kalikonse kakhota madigiri 6, kuwirikiza kawiri malo omwe alipo. Madigiri 3 owonjezerawo sanagwe kuchokera kumwamba, atengedwa m'thupi la pulasitiki. Ngodya zam'kati zikufinyana, timitu tikukoka makoma opyapyala a tinjerwa tapamwamba pake. Gogodani khomalo ndi chala mumve: lili gwa, ngati ng'oma yokunga kumene. Kulimba kumeneko mwana amakuona ngati umisiri, koma n'kumene kukudya tinjerwato.

Kuyambira 1963 tinjerwa tambiri timapangidwa ndi pulasitiki ya ABS, yomwe ifenso timaithira m'makina mwathu. Ili ndi khalidwe lomwe aliyense wa pa ntchito yathu amalidziwa. Mukaipinda pang'ono n'kuisiya, imabwerera m'malo. Mukaipinda n'kuigwira momwemo kwa milungu ndi miyezi, imazolowera, ngati lasitiki ya kabudula wakale yomwe inasiya kalekale kugwira m'chiuno. Kanjerwa kotere kamaoneka kabwinobwino, koma mukakaika pa kanzake kamangokhala pamwamba, mukatembenuza kagwa. Kukakamizako kukapitirira, malo opanikizika amayamba kuyera. Kuyerako si utoto wosuluka, ndi timing'alu ting'onoting'ono tomwe diso silingatione patokhapatokha. Kenako pamabwera mng'alu weniweni, nthawi zambiri kuyambira m'munsi mwa mbali yaifupi ya kanjerwa n'kumakwera. Chovuta chake n'chakuti tsiku lomanga simuona kanthu. Chakudza sichiimba ng'oma.

Kutentha kumafulumizitsa zonsezi, ndipo apa Joni satichitira chifundo. Kampaniyo imayesa maseti atsopano poika chomangidwacho mu uvuni wofunda kwa maola angapo kuti ione pomwe pafooke, ndipo imalangiza kuti potsuka tinjerwa madzi asapyole madigiri 40. Tsono ganizirani chipinda chakuseri chofolera malata masana a mu Disembala, kapena galimoto yoimikidwa padzuwa. Mzindawu ulinso pamtunda wa mamita opitirira 1,700, pomwe dzuwa limaluma kwambiri, ndipo ABS ikakhalitsa padzuwa imasanduka yachikasu n'kuyamba kuuma. Ine ndinaphunzira ndi thumba langa. Chaka china ndinamanga imodzi mwa nsanja za Orlando za ku Soweto zija ndi njira yomweyi yopinda, ndi tinjerwa toyera togula ndi ndalama zanga. Ndinaiika pawindo kuti odutsa aziiona, n'kukwera basi kupita kumudzi ku tchuthi cha Khirisimasi. Pobwera mu Januwale nsanja inali chiimire, yokongola ndithu. Nditaiphwasula, pafupifupi mzere uliwonse unali ndi tinjerwa tong'aluka, ndipo tambiri totsalato sitinagwirenso bwino mpaka lero.

Inu muli ndi chifukwa china chosamalira. Zidebe zanuzo ndi za ana omwe anakula kale, ndiye tinjerwa take taona zaka. Yang'anani makamaka ta mtundu wa bulawuni ndi tofiira moderapo. Kwa zaka zingapo tizidutswa ta mitundu imeneyi tinkatuluka tosachedwa kuthyoka, ena amangoti kugwira kamodzi kathetheka ngati bisiketi, ndipo kampani inavomereza vutoli n'kunena kuti yalikonza. Ngati Ponte ya mwana wanu ili ndi mizere ya bulawuni, imeneyo ichoke lero lomwe, zina tikambirana.

Popeza mnyamatayu wayamba kuonera mavidiyo amenewa, akumana ndi njira zina zoletsedwa, ndipo ndi bwino mudziwe kuti sizilemera mofanana. Yotchuka kwambiri ndi kuimika puleti cham'mbali pakati pa mizere iwiri ya timitu. Masamu ake ndi okopa: 8 kuchotsa 4.8 kutsala 3.2, ndendende kunenepa kwa puleti. Imalowadi, koma palibe kampata kopumira, ndipo timitu ta puleti yoimikayo timatsamirana ndi ta pansipo. Tailosi, puleti yosalala yopanda timitu ija, ndi yopyapyala pang'ono kuposa puleti, choncho iyo amailola, ndipo imapezeka itaimikidwa chomwecho m'maseti a kampani yeniyeniyo. Choseketsa n'chakuti njirayi anaiyamba ndi eni ake omwe. M'ma 1970 akavalo a LEGO ankamangidwa ndi tinjerwa, monga mu nyumba yachifumu yachikasu ya nambala 375 yomwe inatuluka mu 1978, ndipo makutu a kavalo anali kachidutswa kopyapyala kolowetsedwa pakati pa timitu. N'chifukwa chake mpaka pano njirayi amaitcha pony ear, khutu la kavalo. Kwa ine iyi ndi yaing'ono. Mwana akaichita masana n'kuchotsa madzulo, sindimutsata.

Imene ndimakalipira ana anga a Loweruka ndi ya mapini a Technic, mtundu wa LEGO wa magiya ndi mabowo womwe unayamba mu 1977. Pini imeneyi ili ndi mng'alu wadala kunsonga ndi kamlomo kozungulira. Ikamadutsa m'bowo imafinyika, ikafika tsidya linalo kamlomoko kamatambasuka n'kukhala m'malo mwake, mumamva kuti kha. Ikatero yapuma. Koma mwana akailowetsa theka, kapena akaisomeka kunsi kwa kanjerwa wamba komwe kulibe malo otambasukira, imakhala yofinyika usana ndi usiku. Pakapita nthawi nsongayo sibwereranso, ndipo piniyo imangosololoka m'bowo lililonse. Mahinji a LEGO olira kuti kha akamapindidwa nawo n'chimodzimodzi: amayenda madigiri 22.5 pa kulira kulikonse, ndipo kuwasiya pakati pa kulira kuwiri ndi kuwasiya mano ali pamwamba pa mano anzake.

Pali ina yomwe ndimaikonda chifukwa imaonetsa kuchepa kwa zinthu zomwe tikukambazi. Tinjerwa tina tili ndi kamutu m'mbali, ndipo tinjerwa ta Technic tili ndi bowo m'mbali. Ndi maso, kamutuko ndi bowolo zili pa msinkhu umodzi. Sizili choncho. Pakati pa kamutu kam'mbali pali mamilimita 3.92 kuchoka pamwamba pa kanjerwa, pomwe pakati pa bowo pali 3.80. Bowolo analikweza ndi mamilimita 0.12 kuti kamutu kolowa chakunsi kapeze malo. Mukalumikiza ziwirizi zili zokha, palibe vuto. Mukazikhazika zonse pa puleti imodzi, kapena kuzimanga pamodzi ndi kanjerwa kapamwamba, ndiye kuti mukukakamiza zinthu zosiyana msinkhu kuti zifanane, ndipo chimodzi chipirira. Ife ku fakitale chikombole chikaphonya ndi 0.12 pa zinthu zofunika kulowana, katundu yense amabwezedwa, ndiye nambalayi sindiiseka.

Musatenge mndandanda wa 2006 uja ngati malamulo khumi a Mose. Mwa zoletsedwa nthawi imeneyo munali kulowetsa kandodo koonekera mkati mu kachidutswa kena koonekera mkati, chifukwa tonse tiwiri tinali ta pulasitiki ya polycarbonate, yomwe ikakhudzana yokhayokha imakakamirana moti mwana sangazule. M'zaka zaposachedwa kampani inasintha pulasitiki ya tizidutswa toonekera mkati, ndipo zikombole za tizidutswa tina zakonzedwanso kangapo. Chimene chinali choletsedwa pa kachidutswa kakale chikhoza kukhala chololedwa pa katsopano. M'zidebe zanu muli takale, choncho kwa inu chenjezo lakalelo likugwirabe ntchito.

Ndinenenso za mavidiyowo, chifukwa amandikwiyitsa pang'ono. Liwu lakuti illegal limakoka anthu, ndiye ena amalimata pa chilichonse chooneka chachilendo. Zambiri zomwe amaonetsa n'zololedwa kotheratu. Kumanga timitu titaloza m'mbali kapena pansi si mlandu; okonda LEGO amakutcha SNOT, chidule cha mawu otanthauza kuti timitu sitili pamwamba, ngakhale liwulo pa Chingerezi limatanthauzanso mamina, zomwe ana amakondwa nazo kwambiri. Kampani imapanga tizidutswa tapadera ta ntchito imeneyi. Kotchuka ndi kanjerwa ka kamutu kamodzi pamwamba ndi kena kolowa m'kati pang'ono m'mbali, komwe kankakhala nyali ya galimoto m'maseti akale. Amakatcha Erling potengera dzina la amene anakakonza, Erling Dideriksen. Masamu oti mwana wanu asunge ndi awa: mapuleti asanu osanjikiza ndi mamilimita 16, ndendende timitu tiwiri. Akadziwa zimenezi angagoneke khoma cham'mbali n'kulowa bwinobwino popanda kukakamiza kanthu. Ndipo akafuna khoma lopingasa, agwiritse 3, 4, 5 yemwe amisiri a kwathu amayezera ngodya ya maziko ndi chingwe, kungoti pa LEGO amawerenga mipata ya pakati pa timitu, osati timitu tenitenito: puleti ya timitu 6 ili ndi mipata 5.

Palinso zomwe zimangokhazikidwa osalumikizidwa, monga kuthira tizidutswa ting'onoting'ono m'kabokosi kuti tioneke ngati miyala, kapena kutsamiritsa tailosi pa khoma. Kampani siikonda kuika zambiri zotere m'maseti chifukwa zimagwa mwana akanyamula, koma pulasitiki sivulala. Ndiye muuzeni mnyamatayo kuti asafunse ngati chinthu chili pa mndandanda wa wina. Zala zake zimuuza. Ngati wafunika kukanikiza ndi mphamvu kuposa masiku onse, ngati chinthucho chikufuna kudumpha akachisiya, ngati puleti yapansi yayamba kukhota ngati nthochi, pamenepo pali kachidutswa komwe kakuvutika.

Tibwerere ku Ponte, chifukwa mwana wasankha nyumba yovuta. Inamalizidwa mu 1975, ndi yotalika mamita 173, nsanjika zoposa 50, ndipo chomwe chimaisiyanitsa ndi nyumba zina ndi chibowo chapakati chija chochokera pamwamba kufika pansi. Ndiye kuunjika tinjerwa tozungulira totseka pakati sikungamukhutiritse. Akufuna khoma lozungulira lokhala ndi mpata m'kati. Njira imene ndingamusankhire ndi iyi. Afufuze m'zidebemo tinjerwa ta timitu titatu ndi tinjerwa tobulungira ta kamutu kamodzi, tooneka ngati kamgolo. Pa mzere woyamba aike ka timitu titatu, kenako kobulungira, ka timitu titatu, kobulungira, mpaka azungulire. Pa mzere wachiwiri asunthe ndi timitu tiwiri, kuti kanjerwa ka timitu titatu kagwire kamutu komaliza ka kanjerwa kakumanzere, kadutse pa kobulungira, kagwirenso kamutu koyamba ka kakumanja, ndipo kobulungira kakhale pa kamutu kapakati komwe katsala. Popeza kobulungira kalibe ngodya, palibe chogundana, ndipo khoma limakhota mosavuta ngati unyolo wa njinga. Bwalo la masentimita 30 lomwelo alipeza popanda kufinya kanthu. Ubwino wina n'ngwakuti timipata totsala m'mbali mwa tobulungirato timaoneka ngati mawindo, ndipo akapeza tobulungira toonekera mkati kapena takuda, kuchokera patali imafanana ndi Ponte kuposa khoma losalala lomwe ali nalo pano.

Ngati tobulungira tachepa, ayang'ane mahinji a mapuleti, aja otembenuka momasuka osalira. Makoma owongoka 16 olumikizidwa ndi mahinji amapanga chinthu chomwe diso limachilandira ngati bwalo. 12 amakwananso pa nyumba yaing'ono. Pali tinjerwa tokhota kale tomwe amatitcha makaroni: tinayi ta mtundu waukulu timapanga mphete ya timitu 8 mbali zonse yokhala ndi bowo pakati, yabwino pa Ponte ya pa shelefu. Kuyambira 2018 kulinso puleti ya timitu tiwiri yokhala ndi nsonga zobulungira, yomwe imachita ndendende chimene mwana wanu amafuna kuti tinjerwa tangodya tichite, koma m'zidebe zakale simuipeza. Akafuna kuona momwe eni ake amapangira chinthu chobulungira mwaukadaulo, aone malangizo omangira roketi ya Saturn V, seti ya nambala 21309 ya mu 2017 yokhala ndi tizidutswa 1,969. Malangizo a maseti amapezeka kwaulere pa intaneti. M'kati muli chimango, ndipo tizidutswa tokhota timamatidwa cham'mbali kuzungulira chimangocho.

Tsono aphwasule? Inde, koma osati usiku uno ngati chilango, kupatula mizere ya bulawuni ija. Mwana wa zaka 11 amene waleza mtima mpaka kutseka bwalo la tinjerwa 60 wachita chinthu chomwe akuluakulu ambiri chimawakanika, ndipo wapeza ndi zala zake kampata ka mamilimita 0.2 komwe ine ndinakadziwa ndili pa ntchito. Aijambule bwinobwino, atumize zithunzi kwa agogo ake kumudzi, ikhale masiku awiri kapena atatu pamthunzi, kutali ndi windo. Kenako aichotse mzere umodzi umodzi kuyambira pamwamba, osang'amba bwalo lonse nthawi imodzi, chifukwa lili ndi mphamvu yosungika ndipo likhoza kumwazika. Ngati m'zidebemo muli kachipangizo kosupulira tinjerwa, kaja ka mtundu wa lalanje, agwiritse ntchito kameneko. Mano ndi mpeni wa m'khitchini zimawononga kuposa njira zonse zoletsedwa kuziphatikiza. Akamaliza, aunike tinjerwato ndi tochi ya foni, makamaka m'munsi mwa mbali zazifupi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Toyera ngodya, tong'aluka ndi tosagwira atiike m'kontena ya majarini patokha. Timeneto ndito azipindira akafuna kuyesanso, pamodzi ndi tinjerwa totchipa tosakhala ta LEGO tomwe timagulitsidwa m'mashopu a zidole m'tauni, tomwe mtima supweteka tikasweka.

Ndikunena choncho chifukwa munthu wamkulu wogula ndi ndalama zake akhoza kusankha kupereka tinjerwa 300 nsembe kuti apeze nsanja yokongola, ndipo ambiri amatero akudziwa. Tikasweka amapita ku sitolo ya LEGO ya ku Sandton City, yomwe inatsegulidwa mu 2018, kapena amaitanitsa pa BrickLink, msika wa pa intaneti wa tizidutswa tapatokha. Inu mukudziwa kuti zidebe ziwiri zija sizibweranso kawiri, ndipo mwina pali mng'ono wake kapena asuweni omwe akuziyembekezera.

Guluu ayi. Wina adzakuuzani kuti zomangidwa zikuluzikulu za ku LEGOLAND, mapaki a zosangalatsa a LEGO, zimamatidwa, ndipo n'zoona, koma zimenezo zinapangidwa kuti zikhale panja zaka zambiri osaphwasulidwa. Guluu pa khoma lokungika kale amangofulumizitsa ming'alu, ndipo kanjerwa komatidwa katha ntchito. Kudula ndi kupenta tizidutswa ndi nkhani inanso, ndipo apa pokha ndi pomwe mwana angakumane ndi lamulo lenileni lolembedwa. Mipikisano ya maloboti monga FIRST LEGO League, yomwe imachitikanso kuno ku South Africa, imafuna kuti tizidutswa tikhale ta LEGO ndipo tikhale momwe tinatulukira ku fakitale. Ngati kalabu ya kusukuluyo ikukonzekera mpikisano, afunse bambo aja malamulo ake olembedwa, awerenge yekha. Tinjerwa tambiri ta kalabu timakhalanso ta sukulu, ndipo pa katundu wa eni, mwini wake akati osapinda ndiye kuti osapinda.

Pomanga Ponte yachiwiriyo ayambe wawerenga tobulungira tomwe ali nato, chifukwa ndito tidzamuuze kutalika kwa nyumbayo. Bwalo la masentimita 30 limadya tobulungira pafupifupi 30 ndi ta timitu titatu 30 pa mzere uliwonse, ndiye mwina ayenera kulichepetsa kuti akwere m'mwamba. Chikwangwani chofiira cha pamwamba pa Ponte chija amange ndi tinjerwa tofiira kowala wamba, tofiira moderapo tija tikhale m'chidebe.